Mwala wa pa Chipilala

Kuyambira tsiku limene bwana anasintha mashifiti, Liwiro sanauonenso m'bandakucha ali pamsewu. Ankauonera pa windo la basi, mutu atatsamiritsa pa galasi, maso akulemera. Famasi imene ankagwirako ntchito inayamba kutsegula m'mamawa, ndipo bwana atafunsa kuti azitsegula ndani, maso onse anagwera pa iye. Analibe mwana womukonzekeretsa kusukulu, analibe mwamuna womutenthetsera madzi osamba. Munthu ukamakhala wekha, anthu amaona ngati nthawi yako ilibe mwini wake.

Dzina loti Liwiro anamupatsa ndi Amake Mapasa, mnzake wa pa kauntala, amene tsiku lina anamuona akupitirira basi pa chitunda. Basiyo inali yodzaza ndiponso yokalamba, koma Amake Mapasa akamakamba nkhaniyi mbali imeneyo ankaidumpha.

Kuthamanga anakuyamba chaka chimene mayi ake anamwalira. Chipinda chimene ankakhalamo awiri chinangoti zii, ndipo m'mawa ndi mmene chinkawawa kwambiri, nthawi imene kale ankamva mayi akutsokomola, akukoka mpando, akumudzutsa ndi dzina la paubwana. Tsiku lina anangotuluka n'kuyamba kuthamanga, osadziwa kumene akupita. Anapeza kuti chifuwa chikatentha ndi wefuwefu, chisoni chimasowa pokhala.

Pamsewu pomwepo ndi pamene anakumana ndi mnyamata wokonza magetsi wa malaya achikasu. Malayawo anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ochapidwa mpaka kufuwa, moti Liwiro anangoyamba kumutchula kuti Achikasu, mwini wake n'kumavomera ngati anabadwa nalo. Nayenso anali ndi chake chomusekera: nsapato yakumanzere ya Liwiro inkalira kuti tswii, tswii ikaponda pouma.

"Ndimakumvani musanafike," ankatero. "Ndikangomva kambewa kanu kumbuyoku, ndimadziwa kuti kunja kwacha."

Foni sankayenda nazo pothamanga, choncho anapangana njira yawoyawo. Pa geti la bwalo la masewero panali chipilala chokhala ndi kabowo m'munsi, ndipo m'kabowomo ankasungamo mwala woyera, wosalala, wokwana m'chikhatho. Woyamba kufika ankautulutsa n'kuuika pamwamba pa chipilala. Tanthauzo lake linali limodzi lokha: ndatsogola, ndipezeni. Wobwera pambuyo ankautola n'kuliyatsa liwiro mpaka kumupeza mnzake, n'kumuika mwalawo m'manja. Pobwerera ankaubwezera m'kabowo. Dzanja la Achikasu, Liwiro analigwira koyamba chifukwa cha mwala umenewo.

Zinthu zinasokonekera pamene mlongo wake wamkulu wa Achikasu, mayi wogulitsa nsalu amene anamulera makolo awo atamwalira, anawaona akudutsa limodzi pamsewu. Mawu amene ananena anamufika Liwiro osasenda: mkazi wothamanga m'misewu ndi kabudula ngati nyumba yake ikupsa, m'banja mwawo sadzalowamo. Achikasu pomuuza zimenezi anaseka pang'ono kuti nkhani ipepuke. Kusekako ndi kumene kunamupsetsa mtima Liwiro.

"Musandiimbire, musandilembere," anatero, "mpaka mutalankhula ndi achemwali anu ngati munthu wamkulu."

Mawu oterewa amakoma potuluka. Sabata yotsatira mashifiti anasintha, ndipo Liwiro anasowa njira yomuuzira popanda kumeza mawu akewo.

* * *

Anayesa kukhala osathamanga masiku angapo, koma miyendo inkamuyabwa pa kauntala, tulo tinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo anayamba kukalipira makasitomala osalakwa. Ndiye anasamutsira kuthamanga madzulo. Nsapato ndi kabudula ankazinyamula m'chikwama, akaweruka n'kusinthira m'kachipinda kosungiramo makatoni, n'kuuyamba pomwepo dzuwa lisanalowe. Mapazi ankakhala atatupa kale ndi kuimirira tsiku lonse. Zochapa zinkaunjikana m'beseni kudikira Lamlungu.

Msewu wamadzulo sunali msewu wake. Unali wa fumbi ndi utsi wa galimoto, wa anyamata a njinga zamoto oimba likhweru, wa amayi ochokera kumsika omuyang'ana kuyambira kumapazi kukafika kumutu. Kumbali kwake kunalibe munthu. Kambewa ka nsapato kankalira popanda wokamva.

Madzulo oyamba amene anafika pa geti la bwalo, anaima ngati akumanga zingwe za nsapato, n'kupisa dzanja m'kabowo. Mwala unali momwemo, wozizira. Anaugwira kanthawi, kenako anauika pamwamba pa chipilala. Mumtima mwake ankati: ndidakalipo, sindinakuiwaleni. Ndipo anadzitama pang'ono chifukwa cha nzeru imeneyi. Sanaimbe foni, sanalembe uthenga, mawu ake aja sanawameze, koma wanena.

Mawa lake madzulo anaupeza mwala uja utabwerera m'kabowo.

Mtima unamugunda kuposa mmene umagundira pa chitunda. Ndiye kuti Achikasu anauona, anaugwira, anayankha. Liwiro anaufumbata nthawi yaitali, ngati kuti kutentha kwa dzanja la m'mawa kungadikire mpaka madzulo. Anauikanso pamwamba, ndipo tsiku limenelo anathamanga mpaka ku mlatho osamva kutopa.

Zinapitirira choncho kwa masabata. Iye ankauika pamwamba, mawa lake n'kuupeza m'kabowo. Kunyumba ankafika kutada pang'ono, n'kuyatsa getsi, n'kutsegula wailesi kuti m'chipindamo mumveke mawu a munthu. Ankadya chiimirire pafupi ndi windo, chifukwa kukhala pa tebulo kunali kuyang'anizana ndi mpando wa mayi. Kusungulumwa kunalipo, sikunachoke, koma tsopano kunali ndi pothera: mawa madzulo, pa chipilala.

Kenako madzulo ena anapisa dzanja m'kabowo n'kugwira fumbi lokha. Anayang'ana pamwamba, anafufuza mu udzu wa m'mbali, anafika pogwada pansi anthu akumudutsa. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi.

* * *

"Iwe, nkhope imeneyo utithawitsira nayo makasitomala," anatero Amake Mapasa akupukuta magalasi a shelefu. "Munthu wabwera ndi mutu, achoke pano ndi m'mimba momwe."

"Mwala palibe."

"Mwala wa chiyani?"

Liwiro anafotokoza, motsitsa mawu, maso ali pa mabotolo amene ankasanja. Amake Mapasa anamvetsera nsalu yopukutira ili m'manja, kukamwa kukuyasamuka pang'onopang'ono.

"Anthu akuluakulu, foni muli nazo m'matumba, mukulankhulana ndi miyala ngati abuluzi? Ine bambo a mapasa akandikwiyitsa ndimawaimbira, ndiwauze zawo, iwo andiuze zanga, madzulo tidye limodzi. Imba foni, mwana iwe."

"Ndinanena ndekha kuti asandiimbire."

"Unanena kuti iyeyo asaimbe. Nanga iweyo chala chinathyoka?"

"Ndikaimba ndiye kuti ndagonja. Achemwali awo aona ngati ndikudzigulitsa."

"Achemwali awo akugona tulo tabwino. Amene ukuonda ndiwe."

Pa nthawi yopuma Liwiro anakhala pa katoni m'kachipinda kaja, foni ili m'manja. Analemba kuti, *Muli bwanji?* Anafufuta. Analemba kuti, *Mwala uli kuti?* Anaona kuti zikumveka ngati wapolisi, anafufuta. Kenako analemba kuti, *Shifiti yanga inasintha, masiku ano ndimathamanga madzulo.* Uthenga umenewu anauyang'ana nthawi yaitali, chala chili pamwamba pa batani. Belu la pa kauntala linalira. Anaufufuta n'kutuluka kukagulitsa mankhwala a chifuwa.

* * *

Wasaluni analowa tsiku lomwelo chakumadzulo, fungo la mafuta onunkhira litatsogola. Liwiro ankamudziwa. Saluni yake inali moyandikana ndi sitolo ya nsalu ija, ndipo panalibe amene sankadziwa kuti ameneyu ndiye mlamu amene mlongo wake wa Achikasu anadzisankhira kalekale. Kumene ankakhala mafamasi analiko ambirimbiri. Kudutsa onsewo n'kudzafika kuno, sikunali kusokera.

"Asisi, mundipatse mankhwala opha ululu, ndi mafuta odzola khungu likamayabwa m'mbali mwa chikhakha."

Liwiro anatenga mankhwalawo n'kuwaika pa kauntala. Wasaluni anayamba kufunafuna m'chikwama, akutulutsa zinthu chimodzichimodzi mosafulumira: chipeso, kagalasi, makiyi. Kenako china chinagwa pa kauntala kuti gu, n'kugubuduka mpaka kukaima pa dzanja la Liwiro.

Unali mwala woyera, wosalala.

"Kamwala aka," anatero Wasaluni akumwetulira. "Ndinakapeza m'thumba la kabudula wawo ndikuwachapira. Ndati ndizitchingira chitseko cha saluni, chimandivuta ndi mphepo."

"Kabudula wa ndani?" Mawu a Liwiro anatuluka ouma.

"Wa achimwene awo a anzanga a nsalu aja. Simunamve, asisi? Anathyokatu mwendo. Anagwera m'ngalande ija anthu akukumba pafupi ndi mlatho, kunja kusanache bwinobwino." Anapukusa mutu mwa chisoni chochita kupanga. "Akuti pali mtsikana wina ankawasiyira chizindikiro m'mawa uliwonse kuti watsogola. Iwo n'kumathamanga ngati akuthawa agalu kuti amupeze, osamupeza. Mawa lake n'kulawirira kuposa dzulo, n'kupeza kuti watsogolanso. Mpaka anayamba kutuluka kuli mdima. Munthu kuchita kuonda nazo. Akazi ena mitima yawo ndi yachitsulo, asisi."

Liwiro anagwira m'mphepete mwa kauntala. Ndatsogola, ndipezeni. Mwala ukakhala pamwamba pa chipilala unalibe tanthauzo lina, ndipo lamulo limenelo analipanga ndi iye mwini. Iye ankauika madzulo ngati moni, Achikasu ankaupeza m'mawa ngati kuitana. Kubwerera kwake m'kabowo sikunali yankho lachikondi. Kunali kubwerera kwa munthu amene wathamanga mpaka mpweya kumuthera, osapeza aliyense. Tsiku lililonse limene iye ankapita kunyumba mtima uli mbee, linali tsiku limene mnzake anakanidwa.

"Mwalawu ndi wanga," anatero, akutambasula dzanja.

Zala za zikhadabo zofiira zinafika msanga.

"Unali m'kabudula amene ndachapa ine," anatero Wasaluni, n'kuuponya m'chikwama. Analipira, anatsanzika mwaulemu wonse, n'kukakwera takisi imene inkamudikira panja.

Amake Mapasa, amene anamva zonse ali kuseri kwa shelefu, anatulukira atanyamula kale chikwama cha Liwiro.

"Pita. Bwana akafunsa ndinena kuti watsegula m'mimba."

* * *

Nthawi imeneyo anthu anali akuweruka, ndipo msewu waukulu unali utadzaza galimoto zongoima ndi kuliza mahutala. Liwiro sanadikire basi. Anamanga zingwe za nsapato n'kuuyamba m'mbali mwa msewu, kudutsa ogulitsa zipatso, kudumpha zithaphwi. Pa chitunda anaipitirira takisi ija, ndipo anaona nkhope ya Wasaluni ikumutsatira pa windo. Sanacheuke. Pa mlatho anaiona ngalande, yakuya, ya miyala yosongoka pansi, yopanda chotchinga. Apa anayang'ana kumbali n'kuwonjezera liwiro.

Nyumba ya Achikasu ankaidziwa kunja kokha. Pakhonde panali mlongo wake uja, atakhala pa mpando, akupinda zovala zouma. Anamuona Liwiro akulowa pa geti, ndipo anapitiriza kupinda mpaka malaya amene anali m'manja atatha.

"Mwafika ndi thukuta lomwe pakhomo pa eni ake."

"Pepani, achemwali. Ndamva lero lomwe."

"Ine si chemwali wanu."

Liwiro ananjuta m'munsi mwa masitepe, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anafotokoza za shifiti, za madzulo, za mwala. Pozinena mokweza zinkamveka zachibwana, ndipo anaona yekha kuti mayiyo akuzimva choncho.

"Mwana ameneyu ndinayamba kumulera ine ndili woti ndikanakhala pasukulu," anatero mlongo wakeyo. Sanakweze mawu. "Ndinasiya zanga zonse. Amene ankandifuna anatopa n'kukakwatira ena. Lero anthu adzandigogodere m'mamawa kuti bwerani mudzamutole m'ngalande, fupa likuonekera, chifukwa cha masewera anu a miyala? Inu munali kuti pamene ankalira ngati kamwana m'chipatala? Munali pamsewu, mukuthamanga."

Panalibe bodza m'mawu amenewa, ndipo n'chifukwa chake anamulasa.

"Ndinalakwitsa. Ndingomuona, ndimufotokozere. Asamaganize kuti ndinkamuthawa."

"Aganize zimene akuganiza. Mwina achira nazo msanga."

"Chonde."

Maso a mayiyo anatsikira kumapazi a Liwiro.

"Mukumufunadi?"

"Ee."

"Vulani izo. Muzisiye pomwepo, ndipo mundilonjeze pano kuti simudzazivalanso, izi kapena zina. Za m'misewu zithere pa sitepe imeneyi. Mukatero, chitseko ndi icho."

Liwiro anayang'ana nsapato zake. Zinali zakutha kuzidendene, zofiira ndi fumbi, yakumanja itasokedwa kawiri. Nsapato zimenezi ndi zimene zinamutulutsa m'chipinda cha maliro pamene achibale onse anali atabwerera kwawo. Popanda izo sankadziwa kuti m'mawa munthu amatani nawo. Koma anaganizanso za chipinda chomwecho, za wailesi yolankhula yokha, za kudya chiimirire, ndi za munthu amene anagona kuseri kwa khoma ili akukhulupirira kuti iye ankamuseka. Anachita mantha, mantha enieni, kuti akatembenuka pano sadzalowanso pa geti limeneli, ndipo takisi ija inali m'njira.

Anamasula zingwe. Mfundo ina inamuvuta.

"Ndalonjeza," anatero.

"Sindinamve."

"Ndalonjeza kuti sindidzathamanganso."

Mlongo wake wa Achikasu anakankhira nsapatozo kumbali ndi phazi, n'kuloza chitseko ndi chibwano.

* * *

Chipinda chinali kumapeto kwa kanjira ka m'nyumba. Achikasu anali chagada pabedi, mwendo uli m'chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pamwamba pa bondo, utasanjikidwa pa mapilo. Anali ataonda, ndevu zitamera. Pa msomali wa kukhoma panapachikidwa malaya achikasu aja, ong'ambika paphewa. Liwiro anaima pafupi ndi bedi kanthawi ndithu Achikasu asanatembenuke.

"Ndinu?" Anayesa kudzuka, ululu n'kumubweza. "Sindinakumveni mukubwera."

Liwiro anagwada pambali pa bedi n'kunena zonse, mosasanja, zina kuzibwereza. Shifiti. Madzulo. Mwala. Uthenga umene analemba n'kufufuta. Achikasu anamvetsera maso ali kudenga, ndipo atamaliza anaphimba nkhope ndi dzanja. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Liwiro anaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka kwa munthu amene nthiti zikumupweteka.

"Ndiye kuti masiku onsewa ndinkathamangitsa munthu wa dzulo."

"Mukanangoimba foni."

"Munandiletsa."

"Mpaka mutalankhula ndi achemwali, ndinatero."

"Ndinalankhula nawo." Anachotsa dzanja kumaso. "Sabata yomweyo. Koma nkhani ngati imeneyo si ya pa foni. Ndinkafuna ndikupezeni pamsewu, ndikuikeni mwala m'manja, ndikuuzeni ndikukuonani. Nditalephera kangapo ndinati mwina mukundilanga, ndipirire. Kenako ndinati mwina simukundifunanso. Munthu amene akukuthawa pamsewu, ungamuimbire foni kuti chiyani?"

Liwiro anagwira dzanja la Achikasu. Linali lotentha, lokhakhala ndi mawaya, lomwe lija. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri Liwiro anamva kuti wakhala pansi, kuti palibe kumene akuthamangira.

"Munawauza chiyani?"

"Ndinawauza kuti ndidzakwatira wothamangayo, ndi kabudula wake, ndi kambewa kake komwe. Akakana ndisamuka muno." Anamwetulira, monyada ngati mwana amene wakhoza mayeso. "Chibadwire sindinawayankhepo achemwali choncho. Analira. Anakhala masiku osandiyankhula. Kenako anati ndikutaya mlongo wanga chifukwa cha munthu amene kuthamangako ndi nyambo chabe, woti atauzidwa kuti vula nsapato ulowe m'banja, angavule tsiku lomwelo. Ine ndinati, achemwali, ameneyo simukumudziwa. Anandiuza chimene chinamuyambitsa kuthamanga. Ameneyo mungamulande chilichonse, koma osati msewu."

Dzanja la Liwiro linazizira m'dzanja la mnzake, ndipo Achikasu anamva. Anadzutsa mutu pa pilo, n'kuyang'ana m'mbali mwa bedi, pamene mapazi a Liwiro anaonekera m'masokosi otuwa ndi fumbi.

"Nsapato zili kuti?"

"Pakhonde."

"Mwangovula polowa m'nyumba?"

Akanatha kunena kuti ee. Linali liwu limodzi, lalifupi, ndipo linali pa lilime. Koma anali atatopa ndi zinthu zonena china zikutanthauza china.

"Ndalonjeza," anatero. "Anati ndikapanda kutero sindilowa. Ndinkafuna ndikuoneni."

Achikasu anabwezera mutu pa pilo. Dzanja sanalichotse, koma linaleka kugwira.

"Ndinati simukumudziwa," anabwereza, motsitsa, ngati akudzifunsa yekha.

"Wadzimvera wekha," anatero mlongo wake. Anali ataima pa chitseko, manja atapinda pachifuwa, ndipo palibe anadziwa kuti wafika nthawi yanji. "Sindinachite kumukoka. Sanatenge ndi nthawi yomwe."

Liwiro anafuna kunena kuti anatenga nthawi, kuti mfundo inamuvuta, kuti chimene anasiya pa sitepe paja sanasiyirepo munthu wina aliyense. Koma panja geti linalira, chitseko cha galimoto chinatsekedwa, ndipo mawu a Wasaluni anamveka kuchokera pakhonde, okoma, otakasuka, a munthu wozolowera pakhomo.

"Achemwali, nsapato zili apazi n'za ndani? Ndaziyesa, zikundikwana ndendende."

"Zilibe mwini wake," anayankha mayiyo osacheuka. "Tenga."

Panadutsa kanthawi. Kenako m'kanjira ka m'nyumba munamveka mapazi akubwera, osafulumira. Tswii. Tswii. Tswii.

Mutu wa Achikasu unadzuka wokha pa pilo. Nkhope yake inawala mmene inkawalira m'bandakucha uliwonse akamva kambewa kaja kumbuyo kwake, inawala asanakumbukire, asanaibweze. Liwiro anaiona. Anali chigwadire pa simenti yozizira, pafupi moti ankamva kupuma kwake, ndipo maso a Achikasu anali kuchitseko.